Nkhupakupa ikakulumani: zoyenera kuchita kuyambira kudambo mpaka kuchipatala

Ife amene tinakula tikubusa ng'ombe tinkaiona nkhupakupa ngati chisoso, kanthu kokakamira kamene umangokathothola n'kupitiriza ulendo. Madzulo ng'ombe zikalowa m'khola tinkamuitana galu pakhonde n'kumamuzula nkhupakupa m'makutu, ndipo zokhuta zija tinkaziphwanya pamwala, magazi n'kuthimbirira zala. Palibe wamkulu amene ankatiletsa, pakuti nawonso ankadziwa kuti nkhupakupa ndi vuto la ziweto basi. Lero ndikaona mwana akuchita zomwezo ndimamugwira dzanja msanga. Magazi a m'mimba mwa kachilomboka amatha kukhala ndi matenda ogwira munthu, ndipo ena mwa matendawo amapha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti matenda onsewa amayamba ngati malungo: kutentha thupi, litsipa, kuphwanya m'thupi. Munthu amapita kukayezetsa, amamuuza kuti malungo sanapezeke, amabwerera ndi Panado, ndipo za nkhupakupa imene anaizula m'khwapa sabata yatha sazikumbuka n'komwe, kapena akazikumbukira amaona ngati n'zosafunika kunena. Malangizo awa ndawalembera abusa, alimi, amayi otola nkhuni ndi kumweta udzu, opha nyama, komanso aliyense woweta galu.

Choyamba: dziwani kuti zilipo zamitundu iwiri

Nkhupakupa ndi ija yolimba msana, imene imadikira pansonga ya udzu. Siuluka, sidumpha. Imangotambasula miyendo yakutsogolo n'kukola chilichonse chodutsa, kaya ndi ng'ombe, galu kapena mwendo wa munthu. Ikapeza malo ofewa imalowetsa mlomo n'kukhala pomwepo masiku angapo ikuyamwa. Malovu ake amachititsa dzanzi, n'chifukwa chake simumva kuti mwalumidwa. Yaikazi imodzi imaikira mazira masauzande, ndipo tiana take timakhala tating'ono ngati njere ya fodya, moti pakhungu lakuda n'tovuta kutiona. Zikuluzikulu zimachuluka nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, udzu ukatalika.

Nkhufi ndi ina. Iyo ndi yofewa, yotuwa ngati dothi, ndipo sikhala kutchire koma m'ming'alu ya zipupa, pansi pa nyumba yosazira bwino, ndi m'makola a nkhumba. Imatuluka usiku, kuyamwa kwa mphindi zochepa, n'kubwerera kumng'alu kwake. Simudzaipeza pathupi m'mawa. Imatha kukhala zaka osadya, kotero kuti nyumba imene yakhala yotseka nthawi yaitali ikhoza kukhalabe nazo. Achinyamata ambiri masiku ano saidziwa, amaisokoneza ndi nsikidzi, koma agogo athu ankaiopa ndipo sankalakwa.

Chachiwiri: musanalowe muudzu

Apa palibe zovuta. Valani buluku lalitali n'kulowetsa miyendo yake m'masokosi kapena m'majombo. Amayi, pansi pa chitenje valani kanthu kofika m'akakolo. Zovala zowala zimathandiza chifukwa nkhupakupa ikamakwera imaoneka. Ngati mungakwanitse kugula mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET, pakani m'miyendo ndi m'mikono, amathamangitsanso nkhupakupa. Yendani pakati pa njira, ndipo popumula musakhale pamalo pamene ng'ombe zimagona masana, pansi pa mtengo wamthunzi paja, chifukwa zokhuta zimagwera pomwepo n'kuikira.

Ndikudziwa kuti mwana wobusa mbuzi nthawi zambiri amapita ndi kabudula, wopanda nsapato, ndipo si makolo onse angagule majombo. N'chifukwa chake sitepe yotsatirayi ndi yofunika kuposa iyi, ndipo silira ndalama.

Chachitatu: fufuzani thupi tsiku lomwelo

Mukabwera kudambo, kumunda kapena kunkhuni, sambani dzuwa lisanalowe kuti muzitha kuona. Yendetsani dzanja pang'onopang'ono m'malo obisika: kuseri kwa makutu, m'tsitsi, m'khosi, m'khwapa, pansi pa mawere, pamchombo, m'chiuno modutsa lamba, m'mphechepeche, kuseri kwa mawondo ndi pakati pa zala za kumapazi. Kanthu kalikonse kotumphuka ngati njerewere yatsopano kayang'anitsitseni. Kumsana pemphani wina akuoneni.

Ana musawasiye adzifufuze okha. Mayi kapena bambo aziyendetsa zala m'mutu mwa mwana monga mmene timachitira pofuna nsabwe. Zovala zimene munavala kutchire musaziponye pamphasa yogonera. Zikutumuleni panja, zichapeni ndi madzi otentha, ndipo zikauma zisiteni. Madzi ozizira saipha nkhupakupa, koma kutentha kwa simbi kumaipha.

Kufulumira kuli ndi phindu lake. Tizilombo tina timatenga maola ambiri tisanadutse kuchoka m'nkhupakupa kulowa m'magazi anu, choncho yochotsedwa madzulo a tsiku lomwelo ili ndi mpata wochepa wokupatsirani matenda kusiyana ndi imene yagona masiku atatu.

Chachinayi: kuichotsa

Pano ndi pamene ambiri timalakwitsa, ndipo timalakwitsa ndi mtima wofuna kuthandiza. Wina amatenga chikuni kapena ndudu yoyaka, wina amathira palafini, wina amapaka Vaseline kuti ibanike, wina amaifinya ndi zikhadabo. Njira zonsezi zimaivutitsa nkhupakupa idakali ndi mlomo m'thupi mwanu, ndipo ikavutika imatha kulavulira m'bala zimene zili m'mimba mwake. Mimba yake ili ngati kabotolo ka jakisoni: mukafinya kumbuyo, zamkati zimatulukira kumlomo. Chimene mukufuna n'chakuti ituluke yathunthu, yosafinyidwa.

Pezani kachitsulo kopanira kosongoka, konga kaja kozulira minga kapena nsidze. Sambani m'manja. Panani nkhupakupa pamutu penipeni, pafupi ndi khungu mmene mungathere, osati pamimba. Kokani molunjika, mosalekeza, ndi mphamvu yofanana, osagwedeza, osapotokola, osatsomphola. Poyamba khungu limatukuka ngati ikukana, koma pitirizani modekha ndipo idzasiya yokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati kachitsulo palibe, tengani ulusi wolimba wosokera, pangani kakhwekhwe, kalowetseni mpaka pamutu pake pokhudzana ndi khungu, mangani, n'kukoka nsonga zonse ziwiri molunjika m'mwamba. Ngati ulusinso palibe ndipo muyenera kugwiritsa ntchito zala, valani kajumbo kapulasitiki kudzanja, ndipo gwirani kumutu.

Ikatuluka, tsukani pabalapo ndi sopo ndi madzi, kenako pakani spiriti ngati muli nayo. Sambaninso m'manja. Mukaona kuti kachidutswa ka mlomo katsalira, musakumbe ndi singano kapena lezala mpaka kupanga chilonda. Kasiyeni, khungu limakatulutsa lokha monga limachitira ndi kaminga, inu muzingotsuka pamalopo. Nkhupakupayo musaiphwanye. Iponyeni pamoto, kapena m'kabotolo kokhala ndi spiriti n'kutseka. Kuisunga m'kabotolo n'kothandiza chifukwa mukadwala mukhoza kukaionetsa kuchipatala.

Kuli malo awiri amene simuyenera kuyesa nokha: m'kati mwa khutu ndi pachikope. Nkhupakupa imakonda kulowa m'khutu mwa mwana amene amagona pafupi ndi galu kapena mbuzi. Mwana akamalira khutu, mwina kutuluka timagazi, musatokose ndi kamtengo ka machesi. Pitani naye kuchipatala.

Pomaliza lembani tsiku. Lembani pakalendala, m'foni, kapena m'buku lakuchipatala la munthuyo: tsiku lakuti, nkhupakupa, pamwendo wamanzere. Pakapita masiku khumi simudzakumbuka.

Chachisanu: yang'anirani kwa masabata awiri kapena atatu

Si nkhupakupa iliyonse ili ndi matenda, ndipo kufiira pang'ono ndi kuyabwa kwa masiku awiri si chodetsa nkhawa. Koma pali zinthu zitatu zimene muyenera kuzidziwa.

Matenda ofala kwambiri kuno kum'mwera kwa Africa ndi amene madokotala amawatchula kuti African tick bite fever. Amabwera ndi nkhupakupa yamawangamawanga ija, yokongola msana, imene imakonda kumamatira kumawere ndi kunsi kwa mchira wa ng'ombe. Mtundu wina wofanana nawo umachokera ku nkhupakupa yofiirira ya agalu. Pakapita masiku asanu mpaka khumi munthu amatentha thupi, mutu umawawa kwambiri, khosi ndi minofu zimaphwanya. Chizindikiro chake chenicheni ndi kachilonda kokhala ndi nkhanambo yakuda pakati, ngati pamene pagwera khala lamoto, kofiira m'mbali, kosapweteka kwenikweni. Pafupi napo pamatuluka mwanabere: ngati bala lili pamwendo, mwanabere amatupa m'mphechepeche. Nthawi zina timabalati timakhala tiwiri kapena titatu. Matendawa amachizika bwino ndi mankhwala otchedwa doxycycline, koma LA, mankhwala a malungo aja, sawagwira n'komwe.

Achiwiri ndi malungo a nkhufi, obwerezabwereza. Munthu amatentha thupi kwambiri ndi kunjenjemera masiku ngati atatu, kenako amachira ngati palibe chinachitika, pakapita pafupifupi sabata n'kugwanso. Zikatero kawiri katatu, pamudzi pamayamba kumveka nkhani zoti wina wamuchita chipongwe, pamene wolakwa ali mumng'alu kuseri kwa mphasa. Si matenda achilendo. David Livingstone analemba za kachilomboka m'zaka za m'ma 1850, atalumidwa nako ku Angola ndi kumva za malungo ake ku Tete, ndipo dokotala wa ku Britain Joseph Dutton, mmodzi mwa amene anatsimikiza kuti nkhufi ndiyo imafalitsa, anadwala matendawo n'kumwalira ku Congo mu 1905. Mpaka pano akuvutitsa m'chigawo chapakati cha Tanzania, cha ku Dodoma. Kwa mayi woyembekezera ndi oopsa kwambiri: amachititsa kupita padera, kubereka masiku asanakwane, kapena kutaya khanda. Mayi wapakati akatentha thupi asadikire kuti aone ngati zibwereza.

Achitatu sapezeka kawirikawiri koma ndi amene ndimawaopa: Crimean-Congo haemorrhagic fever, amene ku South Africa amangoti Congo fever. Dzinali linabwera chifukwa anaonekera ku Crimea mu 1944, kenako kachilombo kake kanapezeka ku Congo mu 1956. Amafala ndi nkhupakupa yamiyendo yamizeremizere, komanso pokhudza magazi a chiweto chimene chili ndi kachilomboka. Amayamba mwadzidzidzi, kawirikawiri tsiku limodzi mpaka atatu chilumidwireni, ndi kutentha thupi, mutu, msana, maso ofiira oopa kuwala, ndi kusanza. Patapita masiku angapo munthu amayamba kutuluka kamfuno, magazi m'nkhama, mikwingwirima pathupi popanda womumenya, ndi chimbudzi chakuda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 odwala, pakati pa 10 ndi 40 amamwalira. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zikakhala ndi kachilombo ka matendawa sizidwala, zimaoneka zonenepa bwinobwino. Mu 1996 anthu 17 ogwira ntchito pamalo ophera nthiwatiwa ku Oudtshoorn ku South Africa anadwala nthawi imodzi. Ndipo tisaganize kuti n'zakutali: kafukufuku amene anatuluka mu 2021 pa ng'ombe za alimi ang'onoang'ono m'chigawo chapakati cha Malawi anapeza kuti pafupifupi theka la zimene anaziyeza zinali ndi zizindikiro m'magazi zosonyeza kuti zinakumanapo ndi kachilomboka.

Munthu wotentha thupi akayamba kutuluka magazi paliponse, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Musamupatse aspirin kapena bulufeni, chifukwa amawonjezera kutaya magazi. Womusamalira asakhudze magazi, masanzi kapena chimbudzi chake ndi manja. Matendawa amadutsa kuchoka kwa wodwala kupita kwa womudwazika.

Chachisanu ndi chimodzi: zimene mukanene kuchipatala

Yezetsani malungo kaye, chifukwa kwathu kuno kutentha thupi nthawi zambiri ndi malungo ndithu, ndipo munthu atha kukhala ndi zonse ziwiri. Koma musadikire kufunsidwa. Pamzere pamakhala anthu ambiri ndipo adokotala amakhala ndi mphindi zochepa pa munthu aliyense. Mukangokhala pampando nenani kuti, "Adokotala, ndinalumidwa ndi nkhupakupa masiku akutiakuti apitawo, bala lake ndi ili." Onetsani balalo ngakhale lili pamalo ochititsa manyazi. Nenani ngati mumaweta ziweto, ngati munapha kapena kusenda nyama posachedwa, ngati m'nyumba mwanu muli nkhufi, ndiponso ngati kutentha thupiku kukubwera kachiwiri.

Pa malungo a nkhufi, kachipangizo koyezera malungo mwachangu kaja sikaona kanthu. Tizilombo take timaoneka pa maikulosikopu, makamaka magazi akatengedwa thupi likutentha, choncho pitani tsiku limene mwagwa, osati limene mwapezako bwino. Ndiponso musagule makapisozi pagolosale n'kuyamba nokha. Pa matenda amenewa, maola ochepa mutamwa mankhwala oyamba thupi limatha kunjenjemera koopsa, magazi n'kutsika mphamvu, chifukwa cha tizilombo tambiri tofa nthawi imodzi. Zimenezi ziyenera kukupezani muli pafupi ndi anamwino. Kwa amayi oyembekezera ndi ana ang'ono, adokotala ndi amene asankhe mankhwala oyenera.

Mukapatsidwa mankhwala malizani onse. Ngati patha masiku awiri kapena atatu osasintha, bwererani.

Kwa abale amene muli ku Britain, ku Ulaya kapena ku America: kumeneko nkhupakupa zimafalitsa matenda ena otchedwa Lyme, ndipo mukhoza kulumidwa ngakhale m'paki yokhala ndi agwape. Chizindikiro chake ndi kufiira kozungulira kumene kumakula pang'onopang'ono kuchoka pabala, koma pakhungu lathu kumaoneka ngati mkwingwirima chabe, moti n'kosavuta kukuphonya. Kachotsedwe kake n'komweko, ndipo kwa dokotala nenani mawu omwewo.

Chachisanu ndi chiwiri: nyumba ndi bwalo

Nkhufi imagonjetsedwa ndi dothi ndi manja. Matani ming'alu yonse ya m'zipupa, makamaka m'munsi ndi m'makona, ndipo zirani pansi kawirikawiri kuti pakhale posalala. Amene angathe aike simenti. Kugona pabedi lotalikirana ndi chipupa, m'neti yonyikidwa m'mankhwala yopsindiridwa bwino, kumateteza kuposa kugona pamphasa pansi. Mphasa ndi zofunda muziyanika padzuwa n'kuzikutumula. Zikachuluka, uzani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti akuthandizeni za kupopera, musathire mankhwala a thonje m'chipinda chogona.

Khola la nkhumba likhale patali ndi nyumba. Nkhufi za m'makolamo ndi zomwezo zimaluma anthu, komanso zimasunga kachilombo ka chigodola cha nkhumba. Ofufuza anakapeza m'nkhufi za m'makola a ku Mchinji kalekale m'zaka za m'ma 1980. Chigodolacho munthu sichimugwira, koma chimatha khola lonse. Mbuzi ndi ana a ng'ombe asagone m'nyumba ya anthu, ngakhale ndikumvetsa kuti ambiri timatero poopa akuba. Tchetchani udzu kuzungulira nyumba ndi m'njira yopita kuchitsime. Nkhuku zisiyeni zizitola m'khola la ng'ombe m'mawa, zimadya nkhupakupa zambiri.

Galu asagone pamphasa ya ana. Musambitseni ndi mankhwala amene alangizi a ziweto akuuzani, ndipo tsukani malo amene amagona, chifukwa nkhupakupa ya agalu imaswana m'ming'alu ya khonde. Mankhwala agalu musapake mphaka, ena amamupha.

Chachisanu ndi chitatu: dibi ndi mpeni

Walira mvula walira matope: woweta ng'ombe waitananso nkhupakupa, ndipo zikachepa paziweto zimachepanso pa anthu. Kale pafupifupi dera lililonse loweta linali ndi dibi, ndipo tsiku la dibi linkadziwika ngati tsiku la msika. Madibi ambiri anaphwa, ndipo lero aliyense amapopera yekha ndi pampu yakumsana. Kupopera kumathandiza ngati kuchitidwa bwino. Sungunulani mankhwala monga mwalembedwera pabotolo, osachepetsa kuti akhalitse. Mankhwala osukuluka amapha zofooka n'kusiya zolimba, ndipo pakapita zaka zochepa mankhwalawo sagwiranso ntchito m'mudzi wonse. Nyowetsani ng'ombe yonse, makamaka m'makutu, kunsi kwa mchira, kumawere ndi pakati pa ziboda. Nthawi ya dzinja pamafunika kupopera pafupipafupi kusiyana ndi chilimwe. Alangizi a ziweto akuuzani masiku ake molingana ndi mankhwala amene muli nawo. Gwirizanani ndi anzanu odyetsa dambo limodzi kuti muzipopera sabata imodzi, apo ayi ng'ombe zanu zizikatolanso za mnzanu. Funsaninso za katemera wa East Coast fever, matenda a nkhupakupa amene amapha ana a ng'ombe ambiri; katemerayu amapangidwa ku Lilongwe konkuno, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases.

Popopera valani magolovesi kapena majumbo m'manja, phimbani mphuno ndi pakamwa, imani kumene mphepo ikuchokera, ndipo ana akhale kutali. Pampu musatsukire mumtsinje kapena pamjigo. Mankhwala adibi sapakidwa pathupi la munthu, ngakhale m'mutu mwa mwana wansabwe. Botolo likatha libooleni n'kulikwirira, lisasanduke la mafuta ophikira kapena la thobwa. Mwana akamwa mwangozi musamusanzitse, tengani botololo n'kuthamangira kuchipatala.

Tsopano mpeni. Pamaliro, paukwati kapena pa Khirisimasi, anyamata amagwetsa ng'ombe kapena mbuzi n'kuisenda ndi manja, magazi mpaka m'zigongono, ena ali ndi mabala a khasu m'zala. Apa ndi pamene Congo fever imalowera. Wokhala ndi bala asagwire nawo ntchitoyi. Osenda avale magolovesi, kapena majumbo awiri ophatikiza omangidwa pamkono, ndipo asapukute thukuta kumaso ndi dzanja lamagazi. Nyama ikafa, nkhupakupa zimachoka pachikopa chikamazizira n'kufunafuna thupi lofunda lapafupi, choncho chikopa musachikoleke paphewa kapena kuchiyanika pamene ana akusewera. Ngati mwagula chiweto kutali kuti mudzaphe pamwambo, chiguleni masabata awiri mwambo usanafike, chipopereni chikangofika, ndipo onani pabotolo masiku amene ayenera kudutsa musanadye nyama yake. Nyamayo ikapsa bwino ilibe vuto. Choopsa chili pa magazi aawisi. Mukamaliza sambani ndi sopo mpaka m'zigongono, tsukani mipeni ndi madzi owira, kwirirani magazi otayika ndi dothi, ndipo usiku womwewo aliyense amene anagwira chikopa afufuze thupi lake monga tanenera pa sitepe yachitatu.